Mchere Woposa Misozi

Pofika seveni koloko m'mawa wa Loweruka lija, matewera asanu anali kale pachingwe, ndipo Mirriam anali akuchapa lachisanu ndi chimodzi. Jonah, mwana wake wa miyezi khumi, anali atayamba kutsegula m'mimba dzulo lake madzulo. Mwana amene masiku onse ankakwawa nyumba yonse n'kumagwetsa mbale, tsiku limeneli anangogona pamphasa ali lefu, osafuna ngakhale supuni yomwe ankakonda kuseweretsa. Bambo ake, Enerst, anali atapita ku Dedza kukagula matabwa. Pakhomo panatsala Mirriam ndi mlamu wake Emmie, mchemwali wamng'ono wa Enerst.

Emmie anali mu Fomu 2 pasukulu ina ya MCDE, koma mumpanda wa a Nangozo ku Mchesi, momwe mabanja asanu ankachita lendi, dzina loti Emmie linali litaiwalika. Onse ankamutcha a Nesi. Dzinali linayamba tsiku lomwe a Nangozo anatemeka phazi ndi lata, Emmie n'kuwatsuka balalo ndi madzi otentha n'kulimanga bwinobwino ndi nsalu yoyera. Kuyambira pamenepo, wopsa ndi phala, wolumidwa ndi mavu, onse ankagogoda pachitseko chawo. Tisabise, mtsikanayu dzinali linkamukomera kwabasi. Akaitanidwa choncho ngakhale kayendedwe kankasintha.

Za unamwino sankangolota ayi, anali atayamba kale kukonzekera. Chaka chapitacho, mu 1995, anapeza chidziwitso cha sukulu ya anamwino panyuzipepala yomwe anamukulungiramo mandasi. Anaiwongola ndi simbi n'kuimata m'kope lake lapadera, momwe ankalembamo mayina a mafupa ndi zizindikiro za matenda. Chidziwitsocho chinatchula maphunziro ofunika kukhoza bwino pamayeso a Fomu 4: Chingerezi, Bayoloje, Sayansi ndi Masamu. Koma pa mawu oti Masamu panali patadontha mafuta a mandasi, ndipo Emmie anaona ngati ndi Mulungu amene anafufutapo.

Masamuwo ndiye anali mdani wake. Aphunzitsi a Flywell akangolowa m'kalasi ndi rula yawo yaitali, Emmie mutu unkayamba kumupweteka, n'kupola wokha belu likalira. Ntchito yokachitira kunyumba ankangokopera kwa Tina, mnzake wokhala kuseri kwa mpanda. Sabata yathayo Tina anakana. Anamuuza kuti pamayeso a JC sadzakhala naye benchi limodzi, ndipo Emmie anayankha mwamwano kuti sanaonepo wodwala atachira ndi x kapena y. Chiyambire tsiku limenelo awiriwa sankalankhulana. Pepala la mayeso lomwe anapeza 19 pa 100 analipinda kanayi n'kulibisa pakati pa buku la Bayoloje.

M'mawa umenewo amayi a mumpandamo anasonkhana pakhonde la Mirriam. A Nangozo anagwira mwanayo pamutu, napukusa mutu wawo. Anati liwombo lalowa, ndipo akudziwa mayi wina ku Kaliyeka amene ali ndi mankhwala opaka pamutu. Emmie anawatsutsa mwaulemu. Anafotokoza kuti liwombo limalowa chifukwa madzi achepa m'thupi, ndipo chofunika n'kubwezeramo madziwo, osati kupaka zinthu pamwamba. Apa tisamunamizire, analondola, ndipo amayiwo anayang'anana mogoma.

Pamenepo Mirriam anakumbukira kapaketi ka mankhwala osungunula m'madzi komwe anapatsidwa kusikelo mwezi wathawo. Anakatenga m'Baibulo momwe anakasunga. Tsiku la sikelolo anafika mochedwa, phunziro la kasungunulidwe litatha, ndipo malangizo a papaketipo anali m'Chingerezi, pomwe iye sukulu analekera Sitandade 4 kwawo ku Ntcheu.

"Alamu, inu ndi amene mumazidziwa izi," anatero akupereka paketiyo ndi manja awiri. "Mundithandizire mwanayu."

Emmie anawiritsa madzi, nawasiya kuti azizire. Anasamba m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono, pang'onopang'ono, kuti aliyense aone mmene anamwino amachitira. Kenaka anawerenga paketiyo. Inati ufa wonsewo usungunulidwe mu lita imodzi ya madzi akumwa.

Lita imodzi. M'nyumba imeneyo munalibe kanthu kobwera ndi lita. Mafuta ophikira ankagula a m'timachubu, palafini m'kabotolo komwe kale kanali ka mankhwala a chifuwa, madzi ankatunga ndi ndowa kumpopi. Anayang'ana uku ndi uku mpaka anapeza botolo la Fanta kuseri kwa chitseko. Analitsuka, naona kuti m'munsi mwake munalembedwa 300 ml.

Nanga lita imodzi ndi mamililita angati? Anakumbukira kuti zimenezi anaphunzira kupulayimale, tsiku lina masana kukutentha, iye ali kumbuyo kwa kalasi akuluka mnzake tsitsi. Anafufuza m'mutu koma munali mbee. Atadzutsa maso anaona Tina kuseri kwa mpanda wa bango akuyanika mbale pathandala. Akanangoitana kamodzi, Tina akanamva. Koma pakhondepo panali maso asanu ndi atatu akumuyang'ana, ndipo nesi wanji wofunsa mnzake wa m'kalasi kuti lita ndi chiyani?

Anayamba kudzilimbitsa mtima. Kwacha imodzi ndi matambala 100. Mita imodzi ndi masentimita 100. Ndiye kuti lita nayonso ndi mamililita 100, nanga ingasiyane bwanji ndi zinzake? Komabe china chake chinkamunong'oneza kuti lita siingakhale timadzi tochepa choncho. Pofuna kukhazika mtima pansi anaganiza zodzaza botolo lonse. Anadziuza kuti 300 yaposa 100, choncho madziwo achita kupitirira muyezo.

Anathira ufa wonse m'botolomo n'kuyamba kukhutchumula. Ufawo unachedwa kusungunuka, wina n'kumakhala pansi, ndipo Emmie anakhutchumula mpaka mkono kuwawa. A Nangozo, omwe tsopano anali atagonja, anavomereza kuti mankhwala enieni amayenera kukhala amphamvu choncho, osati kusukuluka ngati Sobo wa paukwati. Amayiwo anaseka. Emmie anasekanso, koma kulawa sanalawe.

Supuni yoyamba Jonah analavula. Yachiwiri anakankha ndi kadzanja kake. Emmie anati ana onse amatero ndi mankhwala, ndipo Mirriam anamugwira manja mwanayo kuti amwe. Anamumwetsa pang'onopang'ono, supuni ndi supuni, kwa ola lathunthu ndi theka, mpaka botolo linatsala pang'ono kufika pakati.

Kenaka mwana anasanza. Atangomupukuta anatsegulanso m'mimba, madzi okhaokha, kuposa poyamba. Anayamba kulira kulira kwachilendo, kosasa mawu, kopanda msozi ndi umodzi womwe. Milomo inauma, timaso tinalowa m'kati. Akamuika kubere ankayamwa mwaphuma ngati wakhala masiku osamwa kanthu, kenaka n'kulisiya n'kuyambanso kulira.

"Ndinanena ine za ku Kaliyeka," anatero a Nangozo chapansipansi.

Mirriam anangoyang'ana Emmie, ndipo m'maso mwake munalibe mkwiyo, munali funso lokha. Emmie anachita mantha amene sanawamvepo chibadwire. Ananena kuti athamangire kuchipatala, poti Loweruka amatseka thwelofu koloko.

Mirriam anabereka mwana, naika botolo lija m'kachikwama kuti azimumwetsa m'njira. Mvula inali itagwa usiku, ndipo njira inali matope okhaokha. Anadutsa pamzere wa akalipentala, anzake a Enerst, pomwe mipando, makabati ndi mabokosi a maliro zimayalidwa m'mbali mwa msewu. Pakati pa mabokosiwo panali kena kakang'ono, kosapaka vanishi. Mirriam anatembenuzira nkhope kumbali nawonjezera liwiro. Emmie anadula patapata wake m'matope, nangomutola n'kumathamanga ndi phazi limodzi lopanda kanthu. Njira yonse ankapemphera chamumtima, koma pempherolo linkangothera pa nambala ija, 100.

Pachipatala chaching'onocho anapeza mzere wautali wofika panja. Mwamwayi namwino wina wachikulire, amene anthu ankamutcha Sisita Lettie, anali akuyenda mumzeremo kuyang'ana ana odwalitsa. Atafika pa Jonah anatsina khungu la pamimba pake n'kulisiya. Khungulo linachedwa kubwerera. Anawakodola kuti amutsatire m'kachipinda.

Anafunsa kuti kutsegula m'mimbako kunayamba liti, wachita kangati, ndipo amupatsa chiyani. Mirriam anatulutsa botolo lija. Sisita Lettie anadonthetsa pang'ono kuseri kwa dzanja lake n'kunyambita. Nkhope yake inasintha nthawi yomweyo.

"Paketi yonse munathira m'botolo limodzi ili?"

"Eya," anayankha Mirriam.

"Mayi, kodi kusikelo timakuphunzitsani chiyani? Madzi awa m'malo mobwezera madzi m'thupi akuchita kuwakoka. Mwanayu mukanamumwetsa botolo lonse, bwenzi pano tikukamba zina."

Mirriam anaweramitsa mutu. Sanayang'ane n'komwe komwe kunali mlamu wake. Anangoti, "Pepani, Sisita. Sukulu sindinapite nayo patali."

Emmie anali ataima pafupi ndi chitseko, patapata wodukayo ali m'manja. Palibe amene ankamufunsa kanthu. Akanatha kungokhala chete, nkhani n'kuthera pa mayi wosaphunzira wa ku Ntcheu, iye n'kubwerera ku Mchesi akadali a Nesi. Anayang'ana khosi lowerama la Mirriam, mayi amene ankamuphikira ndi kumusitira yunifolomu ngati mwana wake.

"Si iwowo ayi," anatero Emmie. "Ndasungunula ndine."

Sisita Lettie anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi lamatope lija. Anamufunsa kalasi yomwe ali, ndipo Emmie anayankha.

"Lita imodzi ndi mamililita angati?"

"Handiredi."

Namwinoyo sanakalipe, ndipo kwa Emmie kukanakhala bwino akanakalipa. Analibe nthawi. Anatenga jagi yoyera yokhala ndi mizere m'mbali, nathira madzi mpaka pamzere wapamwamba. Anaika chala chake pa nambala ya pamzerewo n'kudikira mpaka Emmie ataiwerenga. Inali 1000. Anathiramo paketi yatsopano, natakasa, napatsa Mirriam kapu ndi supuni. Anamuuza kuti azimwetsa mwanayo supuni imodzi pakapita kamphindi, osathamanga, ndipo asasiye kuyamwitsa. Anati ngati sasintha pofika masana amutumiza kuchipatala chachikulu kuti akamuike diripi.

Kenaka anapereka botolo la Fanta lija kwa Emmie namuuza kuti alawe. Emmie analawa. Mchere wake unamuluma lilime mpaka kukhosi. Apa n'kuti misozi ikutsika kale m'masaya mwake, ina ikulowa m'kamwa.

"Wamva kusiyana kwake?" anafunsa Sisita Lettie. "Madzi amenewa mchere wake usamapose wa misozi. Ukakayika, lawa. Ukakayikabe, funsa."

Anakhala pabenchi la pakhonde la chipatala, Mirriam atanyamula mwana, Emmie atagwira kapu. Thwelofu koloko inakwana, anthu anatha, zitseko zina zinatsekedwa, koma Sisita Lettie sanaweruke. Ankabwera pafupipafupi kudzatsina khungu la Jonah ndi kumuyang'ana m'kamwa. Mwanayo anasanzanso kamodzi, koma namwinoyo anati adikire pang'ono kenaka apitirize. Emmie ankangoyang'ana kachifuwa ka Jonah kakukwera ndi kutsika, n'kumaganiza za banga la mafuta a mandasi lija. Anaganizanso za achimwene ake akutsika pa lole ya matabwa, ndi mawu amene iye akanawalandira nawo.

Cha m'ma fili koloko Mirriam anadzidzimuka, nayang'ana pachitenje chake. Panali patanyowa, koma ulendo uno sikunali kutsegula m'mimba. Jonah anali atakodza. Sisita Lettie anamwetulira koyamba tsiku limenelo, nati impso zayamba kugwira ntchito. Palibe mayi amene anasangalalapo ndi mkodzo wa mwana ngati mmene anachitira Mirriam. Posakhalitsa Jonah analira, ndipo kulira kwake kunali ndi misozi.

Akulemba m'kabuku ka kusikelo, namwinoyo anamva kwa Mirriam kuti mlamu wakeyo akufuna kudzakhala nesi. Anasiya kulemba nayang'ana Emmie. Anamuuza kuti iye kuyambira m'mawa anali atawerengera kale madontho a diripi, mlingo wa mankhwala a mwana wa makilogalamu asanu ndi awiri, ndi magawo a piritsi limodzi loyenera kugawidwa panayi. Anati palibe tsiku lomwe amaweruka osachita samu, ndipo samu ya m'chipatala ilibe mphunzitsi woichonga ndi cholembera chofiira. Kenaka anawapatsa mapaketi awiri, nati akafika kunyumba asungunule ina yatsopano.

Anafika ku Mchesi dzuwa litapendeka. Amayi aja anali akudikira pakhonde, ndipo a Nangozo anafunsa a Nesi kuti zayenda bwanji. Mirriam ndi amene anayankha. Anati mwana ali bwino, anangochepa madzi m'thupi monga momwe alamu ake ananenera. Za botolo sanatchule n'komwe. Anakhala pamphasa, natulutsa paketi imodzi m'kachikwama, n'kuipereka kwa Emmie ndi manja awiri, chimodzimodzi m'mawa muja.

Emmie sanailandire msanga.

"Alamu, mukundipatsanso ine?"

"Nanga ndipatse ndani? Jagi ija mwaiona ndinu."

Emmie analandira paketiyo, naiika pathebulo. Anadutsa pakati pa amayi aja mpaka kumpanda wa bango, naitana Tina mokweza. Tina anabwera atapinda manja pachifuwa, nkhope ili gwa, akuganiza kuti ndi za kukopera zija. Pamaso pake ndi pamaso pa amayi onse, Emmie anafotokoza zomwe anachita m'mawa, osasiyako kanthu. Manyazi anamugwira mpaka makutu kutentha, koma anamaliza. A Nangozo anatsegula pakamwa kuti anenepo kanthu, koma atakumbukira za Sobo wa paukwati uja anatsekanso.

"Usandiuze yankho," anatero Emmie kwa Tina. "Ungoima pompano. Ndikalakwitsa undiletse."

Anatola khala pambaula, nagwada pasimenti ya pakhonde. Analemba 1000, naigawa ndi 300. Samu imene Tina akanaichita akutafuna chimanga, Emmie inamutengera nthawi yoti munthu n'kupita kumpopi n'kubwerako. Anafufuta ndi chigongono kawiri. Pomaliza anapeza mabotolo atatu, n'kutsala 100. Anaiyang'anitsitsa 100 yotsalayo, nambala yomwe inamuzunza tsiku lonse, mpaka anaona kuti ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a botolo. Anadzutsa maso. Tina anagwedeza mutu, manja aja atawamasula.

Anatsuka botolo lija katatu. Anathira mabotolo atatu a madzi owiritsa m'poto woyera, akuwerenga mokweza. Lachinayi analigawa mofanana m'makapu atatu a pulasitiki ofanana, natenga kapu imodzi n'kuthira m'potomo. Atatakasa ufa uja unasungunuka wonse osavuta. Anatunga ndi supuni nalawa, napatsanso Tina kuti alawe, kenaka Mirriam. Tina anatenga msomali m'bokosi la zipangizo la Enerst n'kukanda mzere m'kati mwa poto pomwe madziwo analekezera.

Emmie anagwada pafupi ndi mphasa, supuni ili m'manja. Jonah anayang'ana supuniyo, anayang'ana azakhali akewo, kenaka anayasamula yekha n'kumeza. Anatambasula kadzanja kufuna kulanda supuni.

Amayi aja anabalalika mmodzimmodzi kukasonkha moto. Tina naye anatembenuka kuti azipita, koma Emmie anamupempha kuti adikire. Analowa m'nyumba, natuluka ndi buku la Bayoloje. Anasolola pepala lopindidwa kanayi lija, naliwongola pabondo pake, 19 yofiira ija ili poyera, n'kuliika pasimenti pambali pa samu ya khala ija.

"Kukadawala," anatero. "Tiyambire pa nambala wani."